Tikapita kothamanga, ana asala ndi ndani?

Ikamakwana 05:00, mumsewu wa Burma ku Kabwata ndi wa Leopards Hill ku Woodlands mumakhala mutadzaza kale othamanga. Ambiri ndife azibambo, ndipo sitikonda kufunsidwa kuti ana tawasiyira ndani.

Marathon ndi makilomita 42.195. Kukonzekera kumatenga miyezi itatu kapena inayi, ndipo kuthamanga makilomita 30 pa Sondo kumadya maola atatu kapena kuposa. Nthawi yonseyo kunyumba kuli wina amene akuyatsa mbaula malaiti atapita, kusambika ana ndi kuwaphikira phala. Kawirikawiri ndi amake ana. Koma iwo akati nawonso afuna kuthamanga, timangoseka.

Tiyeni tigawane masiku: lero ife pamsewu, mawa iwo. Tsiku losala panyumba silipita pachabe. Kulumpha chingwe ndi ana pabwalo, kupalasa njinga, kuchita ma squat, kapena kuperekeza mwana kusukulu wapansi ku Chelstone m'malo mokwera minibasi, zonsezi zimalimbitsa minofu. Mawondo nawonso amapumulako ku tala.

Ena adzati mpikisano ufuna kudzipereka. Nzoona. Koma ife si a Muzala Samukonga, amene anabweretsa mendulo ya bronze pa mamita 400 kuchokera ku Paris mu 2024. Kwa iwo kuthamanga ndi ntchito. Ife tili ndi lendi, sukulu fizi ndi ana ofuna kutiona.

Tisanalembetse mpikisano wotsatira, tiyambe takhala pansi ndi anzathu a m'nyumba, kalendala ili pathebulo.