Mphatso za Khirisimasi zisatidyere mpamba

Okutobala wafika, tiyeni tikambirane za mphatso kudakali nthawi, chifukwa ikakwana Disembala palibe amakhala ndi mutu womvera mnzake.

Ife oyenda msewu wa Mwanza, Tete ndi Nyamapanda timadikiridwa mbali ziwiri. Kumudzi amati wapita ku Harare, abwera ndi Mazoe ndi nsapato za ana. Ku Harare nako, ku Mbare, Mabvuku, Tafara, Highfield, Mufakose ndi Dzivarasekwa, kuli abale athu, ana ndi zidzukulu za makolo aja anapita kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu nthawi ya chitaganya, ena chitaganya chisanayambe n'komwe. Iwowa amati wachokera kumudzi, sangabwere chimanjamanja. Onsewa amationa ngati anthu a madola. Sadziwa kuti ndalama ili m'kachikwama ka m'chiuno ija si yathu, ndi ya geni.

Zotsatira zake timaziona chaka ndi chaka. Ulendo womaliza, Khirisimasi itatsala masiku atatu, munthu ali pa Gulf kapena m'matakishopu a mu tauni ndi ndalama yoodera katundu, foni ikungolira. Uyu akufuna diresi, uyu wakumbutsa za foni ya chaka chatha, mlamu watumiza chithunzi cha nsapato ndi saizi yake yomwe. Chifukwa cha manyazi ndi kutopa, dzanja limalowa mu mpamba. Kenako Januwale. Ku Zimbabwe chaka cha sukulu chimayamba mwezi umenewo, kwathu ndi teremu yachiwiri, ndiye fizi ikufunika konsekonse. Makasitomala athu nawo ali mbuu, amene anatenga katundu pa ngongole sakuyankha foni. Ambiri amene timawasowa pa basi mu Febuluwale sanaberedwe pa boda ayi. Mpamba unathera m'mphatso, kenako anakagwira katapila.

Ife tikuti mphatso igulidwe ndi phindu basi, ndipo iyambe kugulidwa lero. Ulendo uliwonse mukawerengera n'kuona kuti mpamba wabwerera, patulani kangachepe, kaya madola asanu kaya khumi, mugule chinthu chimodzi cha pa mndandanda tsiku lomwelo. Musasunge ndalamayo kuti mudzagule pamodzi. Kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023. ZiG inabwera mu Epulo 2024, pofika kumapeto kwa Seputembala chaka chomwecho n'kuti itagwa kale ndi zoposa 40 pa 100. Sopo, shuga ndi chitenje zili m'katoni pansi pa bedi sizidziwa zimenezo. Amayi a m'malokeshoni a Harare anazindikira kale: mukando wawo wa magolosale, womwe uli ngati chipereganyu chathu, amasonkha chaka chonse n'kumagula pang'onopang'ono, Disembala amangogawana.

Tsono nkhani yaikulu ndi ya mndandandawo, kuti woyamba ndani. Ambirife timayamba ndi amene akuchita phokoso kwambiri pa WhatsApp. Kumeneko ndi kulakwitsa. Ana athu ndi makolo otibereka, amenewo sitikambirana, malo awo ndi odziwika. Koma akangotha iwowo, ayambe ndi anthu amene agwirizira geni yathu chaka chonse. Agogo a ku Mabvuku amene amatiyalira mphasa basi ikafika usiku, osatilipiritsa ngakhale dola. Azakhali a ku Highfield amene zikwama zathu zimagona kuchipinda kwawo sabata yathunthu. Mnyamata wokankha ngolo pa Mbare Musika amene sanatisowetsepo katoni ngakhale imodzi. Kondakitala amene amatisungira malo a katundu. Mukawerengera ndalama ya loji ndi yosungitsa katundu imene anthu amenewa atipulumutsa kuyambira Januwale, mupeza kuti mphatso yawo si chifundo, ndi ngongole. Koma ndi anthu omwewa amene timawakumbukira basi italiza kale injini, n'kuwapatsira chenji chotsala m'thumba. Msuweni amene timamumva mu Disembala mokha adikire kaye.

Ubwino wake, abale a ku Harare safuna zodula. Chimene amachisowa ndi cha kumudzi. Mpunga wa Kilombero, usipa kapena utaka wouma bwino, nsinjiro, tiyi wa ku Thyolo, kabotolo ka Nali, chitenje chabwino choti akavale ku Chigwirizano. Kwathu zimenezi timagula ndi makwacha, osakhudza dola yomwe ikusowa m'mabanki, koma kukhitchini ya ku Tafara zimalandiridwa ndi nthungululu. Kumugulira munthu wa ku Mbare bisiketi za mu shopu ya ku Harare komweko ndi kutaya dola pachabe. Mazoe, Cerevita ndi mabisiketiwo ndi za ulendo wobwerera. Zakudya zakumudzizi zikhale zochepa, zodyera pakhomo. Zikafika pa matumba, a pa boda amaziona ngati malonda ndipo amafuna mapepala ake.

Za pa boda pali china choti tidziwe. A ZIMRA ali ndi chimene amati travellers' rebate, chomwe chimalola munthu kulowa ndi katundu wake wosagulitsa wokwana madola 200 osalipira msonkho, kamodzi pa mwezi. Ndiye wogawa mphatso zake mu Okutobala, Novembala ndi Disembala ali ndi mwayi umenewu katatu, pomwe wodikira ulendo womaliza ali nawo kamodzi. Mabulangeti, mafiriji ndi masitovu sizilowa m'menemo. Katundu wa geni nayenso salowamo, ameneyo njira yake ndi ina, monga STR ya COMESA ya katundu yemwe ali pa mndandanda wogwirizana maiko awiriwa. N'chifukwa chake mphatso zikhale m'chikwama chakechake, malisiti ake pamwamba. Mukasakaniza madiresi awiri a ana ndi madiresi makumi atatu ogulitsa, musayembekezere kuti ofisala akhulupirira nkhani yanu. Kumapeto kwa 2024 boma la Zimbabwe linakhwimitsa zofufuza katundu wozembetsa, mabasi ankaimitsidwa m'misewu ngakhale atadutsa kale boda, ndipo chimene ankafunsa ndi mapepala.

Achimwene madilayiva, apa mumve bwino. Rebate ija sikhudza ogwira ntchito pa galimoto imene ikulowa m'dzikomo. Ndiye timaphukusi timene anthu amakupachikani pa Mwanza kuti mukasiye ku Mufakose tili pa dzina lanu, ndipo zikavuta ndi ntchito yanu imene ili pa moto. Nafenso a geni tisiye kukwiya dilayiva akatsegula phukusi lathu kuti aone zili m'kati. Akukana kunyamula chomata ndi tepi chomwe sakuchidziwa, akuchita bwino.

Tikudziwa ena ayankha kuti ndalama yeniyeni imabwera mu Disembala, mabonasi akatuluka, ndiye munthu ungagule bwanji mphatso mu Okutobala geni ili yozizira. Zoona, Disembala ndi mwezi wokolola. Koma ndi chifukwa chomwecho sitifuna kuuthera pa mzere wa nsapato za ana. Masiku amenewo malo a m'chikwama ndi ndalama, kilo iliyonse pa basi ndi ndalama, ndipo mitengo imakhala itakwera poti aliyense akugula. Komanso ulendo womaliza sukhala m'manja mwathu. Pa 22 Disembala ndi holide ya Unity Day ku Zimbabwe. Odzera ku Beitbridge akudziwa mizere ya nyengo imeneyi. Ndipo tisaiwale 2024, pomwe zionetsero za pambuyo pa chisankho ku Mozambique zinasokoneza misewu kuyambira Okutobala, n'kudzafika poipa pa 23 Disembala khoti litatsimikiza zotsatira. Amene anaika Khirisimasi yonse ya ana ake pa ulendo wa sabata imeneyo anaidyera pa foni.

Amene sali pa mndandanda auzidwe mwezi uno, mwaulemu koma momveka: achimwene, chaka chino sindikwanitsa, tidzaonana geni ikayenda. Adandaula masiku awiri n'kupanga mapulani ena. Chimene chimadula chibale ndi kuyankha kuti tiona, munthu n'kumadikira pa siteji pa 24.

Chomaliza, yambani kupatula timadola timodzitimodzi tosang'ambika toti mudzapatse ana a pakhomo pomwe mumafikira ndi anyamata a ngolo. Chenji mu Harare ndi chosowa kale, Disembala ndiye kumakhala kulibiretu, ndipo dola yong'ambika mwana akapita nayo pa takishopu amakamubweza nayo.