Chiphaso si mphatso ya bwana

Kuyambira pa Chinseu kukafika ku Goliyo, kuchokera ku Makata mpaka ku Malabada, nyundo zimayamba kulira dzuwa lisanatuluke. Okhoma zidebe ndi mbaula, akalipentala, owotcherera zitsulo, atelala a pakhonde, amayi a mandasi, eni maokala ndi zigayo, anthu amenewa ndiwo amadyetsa Ndirande, ndipo mipando ndi mageti amene amapanga amafika ngakhale ku Namiwawa ndi ku Sunnyside. Koma mutawasonkhanitsa onse nkuwafunsa kuti ndani ali ndi mapepala okwanira monga mwa malamulo, manja okwera angakhale owerengeka. Tsono funso langa lero ndi ili: kodi olakwa ndi anthuwa, kapena njira yopezera mapepalayo?

Tiyeni tiyende naye munthu amene wasunga kandalama kake, kaya wabwera nako kuchokera ku Joni, ndipo akufuna kutsegula kamalo kophika buledi mwachilungamo. Poyamba alembetse dzina la bizinesi yake ku boma. Akatero apite ku Malawi Revenue Authority akatenge nambala ya msonkho. Kenaka alunjike ku Civic Centre ku Chichiri kukapempha laisensi ya khonsolo, imene iyenera kukonzedwanso chaka ndi chaka. Popeza malonda ake ndi a chakudya, a zaumoyo ayenera kudzayendera malowo, ndipo ogwira ntchito ake akapimidwe kuchipatala. Ngati buledi wake adzakhala wa m'mapepala wopita m'magolosale, a Malawi Bureau of Standards nawonso ali ndi gawo lawo. Ulendo uliwonse ndi ndalama ya minibasi, ndi tsiku lathunthu lopanda malonda. Kampani yaikulu ili ndi kalaliki woyendera zimenezi. Mayi wa ku Safarao kalaliki wake ndi iye mwini, wophika ndi iye mwini, wogulitsa ndi iye yemwe.

Komatu mfundo yovuta kumasula ili pa malo. Lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lamulo la 1988, limafuna kuti womanga, kapena wosandutsa nyumba yogona kukhala malo a malonda, ayambe walandira chilolezo. Kuti alandire chilolezocho apereke pulani yojambulidwa bwino ndi umboni wakuti malowo ndi ake. Nanga munthu wa pa Ndirande umboni wake ndi wotani? Ambiri chimene ali nacho ndi kalata yogulitsirana malo, yolembedwa pamanja pamaso pa amfumu ndi mboni. Kalata imeneyi anthu onse a m'deralo amailemekeza, koma si lizi. Choncho khomo loyamba lenilenilo ndi lotseka, ndipo munthu amene sanabe kanthu amapezeka kuti ndi wophwanya lamulo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu oposa 800,000, ndipo lipoti la UN-Habitat la 2011 linati oposa 65 pa 100 aliwonse a mumzinda uno amakhala m'malo osakonzedwa ndi pulani. Lamulo limene limasiya kunja anthu ochuluka chotere ndi lofunika kulionanso.

Chodabwitsa nchakuti ndalama yawo yokha siikanidwa. M'mawa uliwonse wodula matikiti a msika amafika pa benchi iliyonse. Pa nthawi yotolera munthu amadziwika, pa nthawi yomuteteza amasanduka mlendo.

Inu akuluakulu amene munathawira ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Harare, nkubwerera kuno chikhululukiro cha 1993 chitalengezedwa, mukudziwa bwino kuposa ife kumene khalidwe ili linachokera. Pa nthawi ya chipani chimodzi, mayi sankalowa mumsika popanda khadi ya chipani, ayufi ataima pachipata. Lamulo la Forfeiture Act la 1966 linkalola nduna kulanda munthu katundu wake yense popanda khoti kulowererapo. Mu 1972 msonkhano waukulu wa chipani unagamula kuti a Mboni za Yehova achotsedwe ntchito ndi kutsekerezedwa pa malonda. Pofika 1978 Amwenye a masitolo anali atachotsedwa kumidzi nkuuzidwa kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu mokha. Phunziro limene Mmalawi anatolapo ndi lakuti kuchita malonda ndi chifundo cha akuluakulu, chimene angathe kuchichotsa tsiku lililonse. Ndi chifukwa chake mpaka lero munthu amalowa muofesi chipewa chili m'manja, mawu ali pansi, ngati wadzapempha mchere.

Koma anthu a pa Ndirande si amene anayenera kuvulira munthu chipewa. Mu May 1992, ogwira ntchito pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead atanyanyala ntchito, Ndirande inali pakati pa moto umene unayaka mu Blantyre, ndipo anthu makumi angapo anafa ndi zipolopolo. Pa 14 June 1993 Amalawi anasankha matipate. Malamulo oyendetsera dziko a 1994 anabwera ndi zinthu ziwiri zimene wamalonda aliyense ayenera kuzisunga pamtima. Gawo 29 limapatsa munthu aliyense ufulu wochita malonda, wogwira ntchito ndi wopeza zosowa zake paliponse m'Malawi. Gawo 43 limati ofesi ya boma ikachita chinthu chokhudza ufulu wa munthu, iyenera kumupatsa zifukwa zake zolembedwa. Ndiye kuti kalaliki wongonena kuti bwerani mawa, osafotokoza chavuta, akulakwira malamulo aakulu a dziko lino.

Andale a nthawi ya matipate nawonso sanatithandize. Chisankho cha 1994 chitatha, mavenda anadzaza misewu ya Blantyre ndi Limbe, boma likuyang'ana kumbali chifukwa mavoti awo ankafunika. Mu April 2006 boma la Bingu wa Mutharika linawasesa onse pa Operation Dongosolo. Wina anawalekerera, wina anawathamangitsa, koma palibe amene anawapatsa njira yapafupi yolowera m'lamulo. Ndipo kumbukirani kuti kuyambira 2005 mpaka May 2014 dziko lino linalibe makhansala. Zaka zisanu ndi zinayi zathunthu makhonsolo ankatolera ndalama popanda munthu wosankhidwa ndi anthu wowafunsa kuti zapita kuti.

Ena adzati ndikulimbikitsa chipwirikiti. Ayi ndithu. Kolera imene inayamba mu 2022 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Blantyre inali imodzi mwa malo amene inasakaza kwambiri. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatsitsa matope ndi miyala m'mapiri a mzinda uno nkukokolola nyumba zomangidwa m'zigwa ndi m'malo otsetsereka. Woyendera zaukhondo ndi wofunika. Woletsa kumanga m'mphepete mwa mtsinje wa Nasolo akupulumutsa moyo. Koma woyendera amafika pa malo amene ali m'buku lake. Njira ikakhala yaitali ndi yamdima, anthu amailambalala, ndipo chakudya chimaphikidwa kumene diso la azaumoyo silifika. Otsala amene apirira amakumana ndi wina wowanong'oneza kuti pali njira yachidule. Paja amati mbuzi imadya pamene aimangirira, ndipo zenera lililonse lowonjezera ndi chikhomo chinanso chomangirirapo mbuzi.

Vutoli si lathu lokha. Mu 1983 katswiri wa zachuma wa ku Peru, Hernando de Soto, anayesa kulembetsa kafakitale kosoka zovala mu mzinda wa Lima motsata malamulo onse, ndipo zinatenga masiku 289. Kuno kwathu, lipoti la Banki Yaikulu ya Dziko Lonse la 2020 linati kuyambitsa kampani kunkatenga masiku 37. Kulembetsa pa intaneti kwachepetsako maulendo ena, tiyamike. Koma intaneti siimasula mfundo ya malo, ndipo siidziwa kalata ya amfumu.

Zofunika kuchita si zodula. Khonsolo ikhome pa khoma la msika wa Ndirande chikalata cha m'Chichewa chonena mtundu uliwonse wa laisensi, mtengo wake, mapepala ofunika ndi masiku odikira. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, choncho palibe chobisira. Pakhale tebulo limodzi pa Ndirande pomwepo, ngakhale kawiri pa sabata, pamene wamalonda angathere zonse osakwera minibasi. Pakhale malire a masiku, ndipo wokanidwa apatsidwe chifukwa chake cholembedwa. Okala ndi telala wa pakhonde asayesedwe ndi muyeso wa sitolo ya pa Victoria Avenue. Ndipo pa malo amene si oopsa, khonsolo ivomereze umboni wakuti munthu wakhalapo zaka zambiri kukhala wokwanira kumupatsira laisensi, nkhani ya lizi ikudikira.

Kwa inu amalonda ndikuti, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndalama iliyonse imene mwapereka funsani lisiti. Akakukanizani, pemphani kuti akulembereni. Ngati sakumvani, ofesi ya Ombudsman ilipo, ndipo wofuna chiphuphu malo ake ndi ku Anti-Corruption Bureau. Pitani pagulu, pakuti mutu umodzi susenza denga. Makhansala lero alipo, ndipo mavoti a pa Ndirande amawafuna. Aitaneni pa msika, muwafunse pamaso pa anthu kuti malamulo a khonsolo okhudza malonda adzawakonza liti. Msonkho mumapereka, voti mumaponya. Chiphaso chanu mukachitenge chipewa chili pamutu.