Nsupa Ikasweka Msanga, Ulendo wa ku Chipatala Usachedwe

Mwana m'mimba amakhala m'nsupa yodzala ndi madzi, imene imamteteza ku tizirombo. Nsupayi iyenera kusweka pamene matenda a uchembere ayamba. Koma kwa amayi ena imasweka matenda asanayambe, mwinanso masabata 37 asanakwane. Malaŵi ali ndi vuto lalikulu la ana obadwa masiku asanakwane: lipoti la World Health Organization la 2012 linasonyeza kuti ana 18 mwa 100 alionse amabadwa chotero m'dziko muno.

Chimodzi mwa zinthu zofooketsa nsupa ndi matenda a pakhomo la chiberekero. Pakhomo pomwepo ndi pamene pamakhala kachirombo ka HPV, kofala pogonana, kamene kamayambitsa khansa. Kaŵirikaŵiri sikaonetsa zizindikiro kwa mkazi kapena kwa mwamuna. Madokotala m'maiko angapo apeza kuti nsupa imasweka msanga mochulukirapo kwa amayi okhala ndi kachiromboka.

Nsupa ikasweka, khomo latseguka. Tizirombo timakwera m'chiberekero. Mayi amatentha thupi, madzi amayamba kununkha, ndipo mwana angafere m'mimba. Nthaŵi zina mchombo umatsogola nupanikizika, mwana nasoŵa mpweya. Zonsezi zingathe kuchitika ngakhale mayi sakumva kuŵaŵa kulikonse.

Apa ndi pamene mabanja ambiri amalakwitsa. Poona kuti matenda sanayambe, amati, "Tiyambe taona kucha." Kumwera kwa boma la Mzimba amuna ochuluka ali ku Joni, ndipo mtengwa sanyamuka popanda mawu a apongozi kapena a mwamuna wake. Ulemu umenewu ndi wabwino, koma tizirombo sitidikira lamya yochokera ku Johannesburg. Chilolezo chiperekedwe mimba ikadali yaing'ono. Bambo asananyamuke anene poyera kuti madzi akangotuluka mkazi wake apite ku chipatala, usana kapena usiku, ndipo asiye ndalama ya ulendo m'manja mwa mayi mwini wake.

Mayi akaona madzi akutsika osaleka, ndipo sakununkha mkodzo, adziteteze ndi nsalu yoyera nanyamuke. Asaloŵetse chala kapena mankhwala kumaliseche, asagonane ndi mwamuna, ndiponso asamwe mwanamphepo. Ku chipatala cha boma cha Mzimba, ku Embangweni kapena ku Katete angalandire mankhwala opha tizirombo ndi jakisoni wokhwimitsa mapapo a mwana wosakwana masiku. Wokhala kutali afike pa chipatala chaching'ono monga cha Jenda, ndipo anamwino adzamtumiza koyenera.

Ena amati ulendo ngwodula, makamaka m'dzinja pamene misewu yaterera. Izi nzoona. Koma ulendo wa mayi woyenda yekha ndi wotsika mtengo kuposa wa mayi wonyamulidwa atakomoka.

Kuteteza khomo la chiberekero kuyenera kuyamba mimba isanabwere. M'chaka cha 2019 boma linayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse, litamuyesa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira 2013. Amayi nawonso ali ndi mwayi woyezetsa khomo la chiberekero, ndipo wapakati aliyense auze anamwino ku sikelo ngati akuona chikazi chachilendo. Apongozi amene aperekeza mtengwa ku chipatala usiku womwewo, ndiwo adzanyamule mdzukulu wamoyo.