Zigoli 9 si chifukwa chothetsera timu

Anzanga aphunzitsi, ndi inu ana anga amene munadutsa m'manja mwanga, ndakhala chete masabata angapo chifukwa cha ntchito yochonga mayeso. Lero ndabwera ndi nkhani imene yandikhala pamtima kuyambira Lachisanu lapitali.

Amene muli kuno kwa Chowe mwamva kale. Anyamata athu anapita kukasewera mpira wa zoni ndi sukulu ina, ndipo anabwerako atamwetsedwa zigoli 9 kwa 0. Pobwerera, mu lole munali zii ngati tikuchokera kumanda. Lolemba m'mawa tili mu sitafu, mnzathu wina anati, "Tikuwonongeranji ndalama ya thiransipoti pokagula manyazi? Timuyi ithe basi, ana alimbikire mabuku." Ambiri anavomereza. Ine ndinangoti kukamwa yasa, chifukwa nanenso manyazi anali atandigwira. Nkhaniyi ibweranso pa msonkhano wa aphunzitsi sabata ya mawa, choncho ndati ndiyambe ndayankha pano. Yankho langa liyambira patali pang'ono, mundipirire.

Mukudziwa kuti kuno ku Mangochi n'kovuta kupeza mudzi umene ulibe mwana ku Joni. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 4 zaka zapitazo amagwira ntchito yokolopa pamalo ena a masitolo kumeneko, ndipo mkati mwa malowo muli bwalo la madzi oundana. Tsiku lina ananditumizira kanema pa foni n'kulemba kuti, "Aphunzitsi, taonani mpira wa kuno, akusewera pa ayezi!" Anali masewera a hoki ya pa ayezi. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 6 kuphatikizapo goloboyi. Amavala nsapato zokhala ndi kachitsulo konga mpeni kunsi kwake, ndipo amamenya kachimbale kakuda ka labala ndi ndodo zopindika kumapeto. Amasewera zigawo zitatu, chilichonse cha mphindi 20. Eni ake enieni a masewerawa ndi mayiko ozizira monga Canada, Russia, Sweden ndi Finland.

Poyamba ndinaseka. Koma uphunzitsi ndi matenda, ndinayamba kufufuza, ndipo ndinapeza kuti South Africa ili ndi timu ya dziko ya amuna ya masewerawa, imene amaitcha Rhinos, kunena zipembere. Dzikoli linalowa m'bungwe loyendetsa masewerawa padziko lonse la IIHF mu 1937. Timuyi inakaonekera koyamba pa mpikisano wa dziko lonse mu 1961 ku Switzerland, m'gulu lotsika la C, ndipo masewero ake oyamba inagonja kwa Yugoslavia 12 kwa 3. Inapitanso mu 1966, kenako inasowa. Chifukwa cha ulamuliro wa tsankho, mayiko anakana kusewera ndi South Africa, ndipo timuyi sinaonekenso pa mpikisanowu kwa zaka 26.

Inabwerera mu 1992, pamene mpikisano wa gulu lotsikitsitsa unachitikira ku Johannesburg komweko, ndipo inakhala yachiwiri pambuyo pa Spain. Chisangalalocho sichinakhalitse. Chaka chotsatira, mu 1993 ku Slovenia, inakumana ndi mayiko amene anali atangodziimira paokha Soviet Union itatha. Mayikowa anali ndi akatswiri, koma poti anali atsopano m'bungwemo anayenera kuyambira pansi. Kazakhstan inakwapula South Africa 32 kwa 0. Werengani bwino, si 3 kwa 2 ayi, koma zigoli 32 m'mphindi 60, kutanthauza kuti mphindi ziwiri sizinkatha chigoli chisanalowe. Ife tikulira ndi 9.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti sanathetse timu. Anapitirizabe kupita ku mipikisano. Mu 2005 ku Mexico City iwonso anapeza wofooka kuposa iwo n'kugonjetsa Armenia 33 kwa 1, ndipo mu 2013 anapambana mpikisano wa gulu lachitatu kwawo ku Cape Town. Sindikufuna kukunamizani kuti ndi timu yoopsa. Sinapiteko ku Olympics, ndipo moyo wake wonse yakhala ikukwera n'kutsika m'magulu apansi. Ndiponso tinene zoona, masewerawa anayamba ngati a azungu okhaokha, ndipo zida zake n'zodula moti mwana wa munthu wamba sangazikwanitse. Koma pali chinthu chimodzi chimene mbiri yawo ikuonetsa poyera. Zigoli 32 sizinawaphe. Chimene chinawabweza m'mbuyo ndi zaka 26 zija zimene anakhala osakumana ndi anzawo.

Mwina wina anena kuti, aphunzitsi, za pa ayezi zikutikhudza bwanji ife a kwa Chowe, kumene ayezi timamuona m'kabokosi ka wogulitsa mafiriziz okha? Chabwino, tibwerere kwathu, tione timu yathu ya Flames.

Mu 1962, dziko lino likutchedwabe Nyasaland, timu ya Ghana inabwera kudzasewera nafe ndipo inatimwetsa zigoli 12 kwa 0. Mpaka lero palibe kugonja kwina kwa timu yathu kumene kunaposa pamenepo. Ghana ya nthawi imeneyo sinali yamasewera, inatenga chikho cha Africa mu 1963 ndi mu 1965. Akanakhala kuti akuluakulu a mpira a nthawi imeneyo anaganiza ngati mmene tinaganizira mu sitafu Lolemba lija, bwenzi nkhani itathera pomwepo. Koma patatha zaka 16, mu 1978, Flames ya Kinnah Phiri ndi anzake, pansi pa kochi Ted Powell, inatenga chikho cha East and Central Africa pogonjetsa Zambia 3 kwa 2 kwathu konkuno. Mu 1979 inakachiteteza ku Kenya, pogonjetsa eni bwalo. Mu 1987 inatenga mendulo ya malo achitatu pa All Africa Games ku Nairobi itagonjetsa Cameroon. Mu 1988 inatenganso chikho cha East and Central kachitatu. Chimenechi ndiye ndimachikumbukira ndekha. Ndinali mwana wa ku pulayimale, titaunjikana pakhonde kuzungulira wailesi imodzi ya mabatire ouma poyanika padzuwa.

Pa chikho cha Africa tapitako katatu kokha, ndipo ndikufuna muone bwino zimene zinachitika. Koyamba munali mu 1984 ku Ivory Coast. Algeria inatigonjetsa 3 kwa 0, tinafanana mphamvu ndi Nigeria 2 kwa 2, kenako tinakumana ndi Ghana yomwe ija. Tinagonjabe, koma ulendo uno 1 kwa 0. Kuchoka pa 12 kufika pa 1 si matsenga, ndi zaka 22 za kusewera, kugonja ndi kuphunzira.

Kenako tinasowa kwa zaka 26, chimodzimodzi zipembere za pa ayezi zija, kusiyana kwake n'kwakuti ife palibe anatiletsa, tinkangolephera m'ndime zachipulula. Tinabwerera mu 2010 ku Angola, Kinnah Phiri ali kochi tsopano. Pa 11 January ku Luanda tinakumana ndi Algeria, imene inali itapeza kale malo ku World Cup ya chaka chimenecho. Russel Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davie Banda anagoletsa, masewero n'kutha 3 kwa 0, ngongole ya 1984 kubwezedwa ndendende. Ena a inu munali m'kalasi mwanga chaka chimenecho, mukukumbukira kuti m'mawa mwake phunziro loyamba silinaphunzitsike. Tinagonja kwa Angola ndi Mali n'kubwerera kumudzi, koma tsiku limenelo palibe angatilande.

Kachitatu munali mu January 2022 ku Cameroon. Tinagonja kwa Guinea 1 kwa 0, tinagonjetsa Zimbabwe 2 kwa 1 ndi zigoli ziwiri za Gabadinho Mhango, ndipo tinalepherana 0 kwa 0 ndi Senegal, imene inadzatenga chikhocho. Kwa nthawi yoyamba tinadutsa ndime ya m'magulu. Morocco inatitulutsa 2 kwa 1, koma chigoli chimene Mhango anaponya ali kutali ndi golo dziko lonse linachiona. Kuchokera pamenepo talephera kupita ku mpikisano wa 2023 ndi wa 2025, ndipo ku World Cup sitinapondeko. Imeneyo ndiye mbiri yathu yonse, yokoma ndi yowawa pamodzi.

Tsopano ndibwerere kwa mnzanga wa mu sitafu, chifukwa zimene ananena si zopusa. Ndalama ya thiransipoti ndi yeniyeni. Sukulu ngati yathu ikalipira lole ulendo umodzi, ndiye kuti choko kapena mapepala a mayeso aperewera penapake. Manyazi a ana nawonso ndi enieni, ndinaona goloboyi wathu akubisa nkhope m'malaya. Ndipo n'zoona kuti mpira sulembedwa pa mayeso a MSCE, makolo akabwera amafunsa za mapointi, osati za zigoli.

Koma tiyeni tifunsane moona mtima. Anyamata aja anagonja chifukwa chiyani? Teremu yonse anachita pulakatisi kangati? Mpira tili nawo umodzi, wosokedwa kawiri. Nthawi ya masewera Lachitatu masana tinaisandutsa ya makalasi owonjezera, ndipo ine amene ndikulemba pano ndinatengako maola angapo kuti ndimalize silabasi. Chaka chathachi sanasewere ndi sukulu ina iliyonse. Tinawatsekera kwaokha ngati mmene dziko linatsekera South Africa, kenako tinawakweza lole kukakumana ndi anzawo amene amasewera sabata ndi sabata. Zigoli 9 zija ndi malikisi athu aphunzitsi, si a ana ayi. Mwana akalephera masamu sitithetsa masamu, timawonjezera nthawi yophunzitsa.

Palinso china chimene tonse tikuchidziwa koma sitichinena. Anyamata ambiri kuno mtima wawo uli pa ulendo wa ku Joni kapena pa ukabaza ku Boma. Akafika Fomu 2 amayamba kuwerenga masiku. Pa zaka zimene ndaphunzitsa ndaona anyamata angapo amene chimene chinawasunga pasukulu mpaka kulemba Fomu 4 sichinali chikondi cha Biology, koma malo awo mu timu. Ankabwera chifukwa cha mpira, n'kupezeka kuti alembanso mayeso. Tikathetsa timu, ena mwa amenewa sitiwaonanso teremu ikubwerayi. Ndiponso phunziro limene tiwapatse ndi loopsa kuposa kugonjako: lakuti ukachita manyazi pagulu, njira yake ndi kuthawa. Mwana wophunzira zimenezo adzathawa mayeso obwereza, adzathawa ntchito, adzathawa banja.

Ndiye pa msonkhano ndikapempha zinthu zitatu, ndipo zonse sizifuna thandizo la mabungwe.

Choyamba, Lachitatu masana libwerere kwa ana, anyamata ku mpira wamiyendo, atsikana ku mpira wamanja. Ine ndikhala woyamba kubweza maola amene ndinatenga.

Chachiwiri, tisadikire mpikisano wa zoni kuti tisewere. Pali sukulu ndi matimu a m'midzi amene tingawafikire pansi kapena pa njinga, popanda lole. Kamodzi pa masabata awiri n'kokwanira. Tikagonja tigonje pafupi, motchipa, ndiponso kawirikawiri, mpaka tiphunzire.

Chachitatu, tigule kope lachikuto cholimba lokhala mu ofesi ya ahedi, lolembamo masewero aliwonse: tsiku, amene tasewera nawo, zigoli, ndi mayina a osewera. Ndatha kukuuzani za 1961 ndi 1962 chifukwa panali munthu amene analemba, ngakhale zinali zochititsa manyazi. Koma ndikakufunsani kuti sukulu yathu inasewera bwanji zaka khumi zapitazo, aliyense anena zake. Tsamba loyamba la kopelo tilembepo 9 kwa 0 wa Lachisanu lija, osachotsera. Tsiku lina ana ena adzatsegula n'kuona pamene tinachokera, ngati mmene ife timaonera 12 kwa 0 wa Ghana kenako n'kutsegula tsamba la 1978.

Kwa inu ana anga akale, kaya muli ku Joni, ku Lilongwe, ku Blantyre kapena pompano pamsika, sindikupemphani zambiri. Mutu umodzi susenza denga. Mukasonkherana anthu asanu, mipira iwiri ndi pampu zipezeka. Amene munkasewera kumbuyo ndipo muli pafupi, bwerani Lachitatu limodzi mudzawaonetse azing'ono anu kaimidwe, chifukwa zigoli zisanu mwa zija zinalowa poti mabaki onse anathamangira mpira umodzi.

Goloboyi uja ndinakumana naye dzulo pa mjigo. Ndinamuuza za munthu amene anatola kachimbale m'golo ka 32 tsiku limodzi. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Ndiye anasiya, aphunzitsi?" Ndinamuuza kuti timu yake inabweranso chaka chotsatira. Anaseka koyamba chichokereni Lachisanu, n'kundifunsa ngati pulakatisi ilipo sabata ino. Ndinamuyankha kuti ndikamuuza msonkhano ukatha.

Anzanga amene tidzakhale limodzi mu sitafu tsiku limenelo, mundithandize kuti ndikamupatse yankho labwino. Ndipo inu a sukulu zina amene munakumanapo ndi zotere, tiuzeni mmene munachitira.