Paipi ya mabuleki si ya firiji

Sabata ino tikambe za kachitsulo kamene ambiri sitikaona chifukwa kamabisala kunsi kwa galimoto.

Pa Manjawira, msewu wa M1 wochoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe umadutsa pakati pa anthu: ogulitsa malonda, a kabaza, ana asukulu. Dalaivala akaponda buleki pamenepo, onsewa amadalira kapaipi kachitsulo, kamene pa galimoto zing'onozing'ono zambiri kamakhala ka 4.75 mm, kocheperako kuposa pensulo. M'kapaipi kameneka ndimo mumadutsa mafuta a mabuleki kupita ku matayala, ndipo mukaponda mwamphamvu, mafutawo amakankha kuposa mpweya wa m'tayala maulendo makumimakumi.

Paipiyi imatha. Dzimbiri limaidya, makamaka pa galimoto zakale zochokera ku Britain, kumene amathira mchere m'misewu nyengo yozizira. Miyala nayo imaitibula. Mukaona pansi patanyowa pafupi ndi tayala, kapena buleki ikumira mukaiponda, galimotoyo isayendenso.

Kukonza pakhomo n'kotheka, koma pali zidule zitatu zimene zimapha. Choyamba ndi kuikapo paipi yamkuwa yochotsa ku firiji. Imapindika mosavuta, inde, koma mkuwa wokhawokha umauma ndi kugwedezeka kwa galimoto mpaka kung'aluka. Gulani paipi yopangidwira mabuleki: yachitsulo, kapena yamkuwa wosakaniza ndi nikelo. Chachiwiri ndi kufinya paipi yodontha ndi pulayala kuti tayala limodzi lisalandire mafuta. Galimoto yotero imakhotera mbali imodzi mukaima mwadzidzidzi, ndipo mbali imeneyo ikhoza kukhala kumene kuli anthu. Chachitatu ndi kuthira madzi a sopo. Madzi amawira mabuleki akatentha, ndiye potsetsereka mumangoponda mphepo. Thirani DOT 3 kapena DOT 4, malinga ndi zolembedwa pa chitsekerero.

Kagwiridwe kake ndi aka. Masulani paipi yakale yonse, muigoneke pansi ikhale chitsanzo. Yatsopanoyo muipinde pang'onopang'ono ndi chipangizo chopindira, osati pabondo. Ikafinyika pokhota, itayeni, poti pamenepo mafuta sadutsa bwino ndipo m'pamene idzathyokere. Lowetsani manati musanakonze milomo ya paipi. Milomoyo imafuna flaring tool, ndipo ifanane ndendende ndi ya paipi yakale, chifukwa ilipo ya mitundu iwiri ndipo silowana. Ngati mulibe chipangizochi, pitani nayo kwa makaniko amene ali nacho.

Mukamanga, bwezerani paipi m'timakilipi take kuti isakhudze ekizozi kapena kukhulana ndi chitsulo china. Kenako chotsani mpweya. Apa pamafunika anthu awiri, wina kuponda buleki, wina kumasula kanati ka kutayala, ndipo pa galimoto zambiri timayambira tayala lakutali ndi kathanki ka mafuta. Pomaliza pondani mwamphamvu kwa theka la mphindi. Buleki ikamamira, penapake pakudontha.

Malole akuluakulu a mabuleki a mpweya ndi nkhani ina, amenewo asiyireni odziwa.

Pepala la COF limanena za tsiku limene galimoto inayesedwa basi. Masiku ena onsewo udindo ndi wanu. Zengerezu adalinda kwawukwawu: gwadani, musuzumire kunsi kwa galimoto yanu sabata ino.