Lembetsani kampani kuno kwathu

Masiku ano ana athu ambili akugulitsa uci, nshawa, vitenge ndi nkhuku pa lamya. Malonda akayamba kukula, ena akuuzidwa kuti akalembetse kampani ku Britain kapena ku America, ati kumeneko n'kwapafupi ndipo dzina limamveka lolemela. Makolo akupemphedwa kugulitsa mbuzi kapena matumba a cimanga kuti alipile anthu owalembela mapepalawo. Ife tikuti yambani mwafunsa.

N'zoona kuti kampani ya limitedi ili ndi ubwino. Pamaso pa lamulo imaima payokha, conco ikagwa m'nkhongole katundu wa banja sagwidwa, pokhapokha ngati mwini anasaina yekha kuti adzabweza. N'zoonanso kuti njila zina zolandilila ndalama kwa ogula akunja sizipezeka kuno.

Koma satifiketi ndi ciyambi cabe. Ku Britain kampani iyenela kukhala ndi adilesi m'dzikomo ndi kupeleka maakaunti ku Companies House caka ndi caka, ngakhale isanagulitse kanthu. Ocedwa amalipa cindapusa coyambila pa mapaundi 150 kufika 1,500. Ku America, mlendo amene ali ndi kampani ya LLC payekha akalephela kutumiza fomu yochedwa 5472, cindapusa ndi madola 25,000. Nanga mlimi wa ku Katete adzazitenga kuti?

Ndiponso pepala lakunja silibisa munthu ku msonkho. Kampani yoyendetsedwa muno m'Zambia imawelengedwa ngati ya kuno, ndipo a ZRA adzafuna gawo lao. Mapeto ake mumatumikila mabwana awili.

Kuno kwathu makampani amalembetsedwa ku PACRA motsatila lamulo la makampani la 2017, ndipo zimatheka pa intaneti. Kampani ya limitedi imafuna madailekita osacepela awili, nambala ya msonkho ya TPIN, ndi lipoti la caka ciliconse. Amene akali kuyamba angalembetse dzina la bizinesi cabe, podziwa kuti pamenepo nkhongole ndi yao. Alimi ndi magulu a pachalichi ogulitsa pamodzi aganizilenso za kopaletivu. Mapepala a kuno ndi amene amafunsidwa ku banki, ku CEEC ndi ku thumba la CDF.

Funso n'limodzi: ogula anu ali kuti? Ngati ali ku Lusaka, Chipata ndi Kitwe, ndipo amalipila pa Airtel Money kapena MTN, kampani ya ku London ilibe nchito. Amene ogula ake ambili ali kunja ayambe waonana ndi wodziwa za misonkho, ndi kuwelengetsa zolipila za caka conse.

Tipempha a PACRA afike m'mapalishi ndi m'misonkhano ya alimi kukafotokoza izi m'cinenelo cathu. Nanu makolo, mbuzi isacoke m'khola musanadziwe cimene mukusaina.