Za Pakhomo Pathu: Tisanagule Sipanala ya Makina

Mwezi uno tikambirana za chida chimene achinyamata ambiri akuchilakalaka, ndipo makolo ena apemphedwa kale ndalama zogulira. Amakaniko amachitcha impact wrench, koma ife pano tizichitcha sipanala ya makina. Ndicho chija chimalira ngati mfuti m'magalaja a ku Luwinga ndi kwa okonza matayala, n'kumasula manati onse a gudumu munthu asanatsirize kupereka moni. Popeza mabanja ambiri mu Mzuzu muno ali ndi magalimoto ochokera ku Japan oloŵera pa Songwe, monga Probox, Sienta ndi Hiace, ndipo ntchito zing'onozing'ono amazigwirira pakhomo, nkhaniyi itikhudza tonse. Ndalama zimene zikaloŵe m'chidachi n'za banja, ndipo gudumu limene chikamange lidzanyamula ana athu.

Poyamba tidziŵe m'mene chimagwirira ntchito. Chida chimenechi chidayamba ku America m'zaka za m'ma 1930. M'kati mwake muli kanyundo kozungulira kamene kamamenya chitsulo chogwira soketi kambirimbiri pa mphindi imodzi. Kumenya kumeneku ndiko kumagwedeza dzimbiri ndi kumasula manati amene dzanja lawalephera. Tonse tidziŵa zimene mvula ya kuno ndi matope a ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo zimachita pa zitsulo za pansi pa galimoto. Apo ndipo chidachi chimaonetsa ubwino wake.

Mphamvu yopotola imayesedwa ndi muyeso wolembedwa Nm. Tiyeni tichite masamu pang'ono. Mukakoloŵeka ndowa ya madzi yolemera makilogalamu 10 kumapeto kwa chitsulo chotalika mita imodzi, mphamvu yopotola imene mwapanga ndi pafupifupi 100 Nm. Tsono manati a magudumu a Toyota zing'onozing'ono, monga Corolla, amafuna 103 Nm basi. Koma bambo wolemera makilogalamu 70 akaponda kumapeto kwa paipi ya theka la mita, monga timaonera m'mbali mwa msewu, wafika pafupifupi 340 Nm, kupitirira katatu muyeso woyenera. Manati omangidwa chotero, dzimbiri litaonjezapo, sangamasuke ndi kachida kofooka. N'chifukwa chake kwa galimoto yaing'ono ndi minibasi tilangiza chida cha pakati pa 400 ndi 600 Nm, chokhala ndi mutu wa makona anayi wa theka la inchi, pakuti masoketi ake ndiwo opezeka kwambiri. Cha mutu waukulu kuposa pamenepa n'cha malole.

Tichenjere ndi mbale wake wotchedwa impact driver. Maonekedwe ake ndi ofanana, mtengo wake ndi wotsika, koma kukamwa kwake n'kwa kabowo ka makona asanu ndi limodzi, ndipo ntchito yake n'kumanga masikuluwu pa matabwa ndi malata. Pa gudumu chimangolira chabe.

Mitundu ya sipanala ya makina ilipo itatu. Woyamba ndi woyendera mpweya. Umenewu ndi wolimba ndi wokhalitsa, koma umafuna kompuresa ya thanki yaikulu, imene mtengo wake uposa wa chidacho, ndipo magetsi akazima, mpweya ukatha, ntchito yaima. Ndi woyenera galaja, osati pakhomo. Wachiŵiri ndi wa chingwe cha magetsi. Ndi wotsika mtengo ndipo ulibe batire loti lifooke, koma sungakuthandizeni tayala likaphulika m'nkhalango ya Chikangawa. Tikumbukenso kuti magetsi a ESCOM ndi a 230 V. Chida chopangidwira ku America chimafuna 120 V, cha ku Japan 100 V, ndipo mukachiloŵetsa pakhoma chidzapsa nthaŵi yomweyo. Chimene mwana wanu wakutumizirani kuchokera ku Johannesburg chidzagwirizana ndi magetsi athu, kungoti pulagi yake ya mano ozungulira iyenera kusinthidwa. Wachitatu ndi wa batire, kaŵirikaŵiri la 18 V. Amene adaona mdima wa chaka cha 2022, namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi ku Kapichira, adziŵa kukoma kwa chida chimene chimasunga mphamvu yake. Umenewu ndiwo tiuona woyenera banja, popeza umapita nanu pa ulendo.

Komatu pa mtundu wa batirewu ndipo pagona msampha. Batire ndi chaja zimadya gawo lalikulu la mtengo, ndipo batire la kampani ina silikwana pa chida cha kampani ina. Musanapereke ndalama funsani ngati batire lina lotere lingapezeke lakale likafa. Pa batirepo pamalembedwa Ah. La 4 Ah kapena 5 Ah limapirira kuposa la 2 Ah. Makampani monga Makita, Bosch ndi DeWalt ndi odziŵika pa dziko lonse, ndipo chifukwa cha kutchuka kumeneko alipo anthu amene amabera maina ndi mitundu yawo. Chida chopepuka ngati chidole, chotchipa modabwitsa, koma cholembedwa manambala aakulu a mphamvu, chikaikireni. Akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Pitani ndi makaniko amene mumamkhulupirira, chiyeseni pa gudumu lenileni wogulitsa akuona, ndipo tengani lisiti. Chichokereni chaka cha 2023, pamene kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, palibe banja limene lingakwanitse kugula chinthu chimodzi kaŵiri.

Poŵerengera ndalama musaiŵale zinthu ziŵiri. Choyamba ndi masoketi akuda opangidwira chida chimenechi. Masoketi onyezimira a m'bokosi la masipanala a pamanja ndi ouma, ndipo akamenyedwa ndi kanyundo kaja amatha kusweka, zidutswa n'kulumphira m'maso. Toyota zambiri zimafuna soketi ya mamilimita 21, koma yesani manati a galimoto yanu musanagule. Chachiŵiri, ndipo n'chachikulu, ndi sipanala yoyezera yotchedwa torque wrench, imene imati "ke" muyeso ukakwana.

Apa tilankhule ndi inu anyamata ndi atsikana. Sipanala ya makina n'njomasulira. Pomanga ilibe nzeru. Ikapitiriza muyeso imatanula mabawuti a gudumu, ndipo bawuti ikatanuka imadikira tsiku lake. Tsikulo likhoza kukhala lija mukutsika phiri la Chiweta kapena msewu wokhotakhota wa ku Nkhata Bay, galimoto itadzaza anthu. Kotero yambani kupotola manati ndi zala kuti mazinga aloŵe bwino, kenaka mangani pang'ono modumphitsa, osati motsatana, tsono tsitsani galimoto ndi kutsiriza ndi sipanala yoyezera monga mwa buku la galimotoyo. Mukayenda makilomita 50, yesaninso. Musachigwiritse pa mapulagi a injini kapena pa bawuti yotsitsira oilo, pakuti mazinga ake ndi ofeŵa. Amene mumakonza malole aang'ono a ku Japan, monga Canter, penyetsetsani: ambiri ali ndi mazinga obwerera kumbuyo pa magudumu a kumanzere, ndipo pamalembedwa chilembo L. Wosadziŵa amati akumasula pamene akumanga, mpaka bawuti kuthyoka. Safunsa adadya phula. Tsekaninso makutu, valani magalasi, ndipo musaloŵe pansi pa galimoto imene yangokhala pa jeke popanda zochirikiza.

Funso lotsiriza n'lakuti, kodi banja lililonse liyenera kugula? Iyayi. Ngati mumachotsa gudumu kaŵiri kapena katatu pa chaka, chitsulo chachitali chomasulira, soketi yabwino ndi sipanala yoyezera zikukwanirani, ndipo zotsalazo zipite ku fizi ya ana. Koma ngati muli ndi minibasi, kapena mwana wanu akuphunzira umakaniko ku Mzuzu Technical College ndipo afuna kuyamba kudziimira, chidachi chidzabweza ndalama zake. Mabanja aŵiri kapena atatu oyandikana akhozanso kusonkha ndi kugula chimodzi chabwino, atagwirizana za wosunga ndi za wolipira batire likafa.

Makolo, mwana akabwera ndi pempho limeneli musamukanize msanga, ndiponso musamupatse ndalama msanga. Khalani naye pansi, akuuzeni muyeso wa manati a galimoto yanu ndi dzina la chida chotsirizira kumanga. Akayankha bwino, wakhwima, mugulireni. Akalephera, ayambe wapita kwa makaniko wamkulu akaphunzire, chida chidzamupeza.